Ulendo wa ma crop circle ku Wiltshire: miyala ndi manda inde, koma za ma alien mundikhululukire

Ndiyambe ndi mtengo chifukwa anthu a mu Lusaka ndimatidziwa, nkhani isanafike patali wina wafunsa kale kuti zingati. Inali £85 pa munthu, sinthani nokha mu Kwacha muone mmene mutu uwawire, ndipo mu ndalama imeneyo mulibe chakudya, mulibe ya mwini munda, muli chabe mpando mu kaminibasi ndi pakamwa pa gaidi kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 17. Kampani yake sinditchula dzina, ndi kakang'ono ka anthu awiri atatu, ndipo totere tilipo tambiri kumeneko tirigu akayamba kucha. Nyenyezi ndikupereka zitatu pa zisanu. Mupirire nane, nkhani ndi yaitaliko.

Mlongo wanga ndi nesi ku Swindon, ndiye nditapita kukawaona mu Julayi alamu anga anati alamu, London mwaiona kale pa TV, tiyeni tikuonetseni zimene ku Chilenje simudzazipeza. Iwo ndi amene anabukitsa, koma ndalama tinagawana ndiye ndili ndi ufulu wodandaula kkkk. Tinapita atatu, ine, alamu, ndi mwana wawo wamkazi amene ali ku sekondale. Mlongo wanga anali pa shifiti yausiku, anati za kuponda minda ya eni sizimukhudza.

Kwa amene simudziwa, crop circle ndi chithunzi chachikulu chimene chimapezeka m'munda wa tirigu kapena balere, mbewu zitagonekedwa pansi mozungulira, mwina ndi timizere ndi tinyenyezi, moti ukachiona kuchokera kumwamba chimaoneka chojambulidwa ndi munthu wodziwa masamu. Madzulo munda uli bwinobwino, m'mawa chilipo. Musasokoneze ndi zozungulira zobiriwira zija mumaona pa windo ndege ikamatsika ku Kenneth Kaunda, kapena za ku Chisamba ndi Mkushi, zija ndi za pivoti yothirira tirigu nyengo yozizira ndipo mwini wake amadziwika. Izi za ku England palibe amene amatulukira poyera kuti ndine, ndiye pamenepo ndi pamene pali bizinesi yonse. Zambiri zimatulukira ku Wiltshire, kumwera kwa England, makamaka chigawo cha Avebury, Marlborough ndi Alton Barnes, kuyambira mu Epulo mpaka mu Ogasiti pamene akolola.

Anatitenga pa siteshoni ya sitima ku Swindon, nthawi yake yeniyeni, apa ndiwayamikire. Galimoto yoyera, malamba onse ogwira ntchito, madzi a m'botolo aulere. Anzathu ena anali ochokera ku Netherlands, mayi wina wa ku America wovala mikanda yambirimbiri, ndi mnyamata wa ku Japan amene sanalankhule tsiku lonse koma kamera yake inali yamtengo wa ploti ku Chalala. Gaidi ndiye analinso draiva, bambo wachikulire wa imvi zomanga kumbuyo, waulemu kwambiri, dzina langa analifunsa kawiri mpaka analitchula bwino. Malowo amawadziwa ngati kuseri kwa nyumba yake, njira iliyonse yachidule, munda uliwonse mwini wake ndani, chaka chakuti apa panatuluka chakuti. Vuto lake ndi limodzi, ndifika pamenepo.

Titangotuluka mu tauni anatiuza kuti tili ndi mwayi, pali chatsopano chimene chatuluka masiku apitawo kumunsi kwa Ridgeway, njira yakalekale yodutsa pamwamba pa zitunda, ndipo mwini munda walola anthu kulowa. Mawu akuti walola amenewo muwasunge. Si onse amalola. Alimi ambiri akangoona chatuluka amalowetsa makina n'kuchidula tsiku lomwelo kuti anthu asabwere kudzaponda zotsala, ndiye mutha kulipira £85 yanu n'kukaona chiputu basi.

Pageti panali kabokosi kachitsulo komangirira pa mtengo ndi loko, pali pepala lolembedwa ndi pamanja kuti ponyani £5 aliyense, yendani mu njira za thirakitala, agalu ayi, fodya ayi. Palibe mlonda. Alamu anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana, tonse tinaganiza chimodzimodzi za kabokosi kameneko kakanakhala pa Soweto Market, koma tinaponya ndithu. Njira za thirakitalazo ndi mizere iwiriiwiri yopanda mbewu imene imadutsa munda wonse, ndi mmene mumadutsa matayala akamapopera mankhwala kapena kuthira feteleza, ndiye umayenda mmenemo mondondozana, tirigu akukukhudza m'chiuno uku ndi uku, dothi lake loyera la choko likumamatira ku nsapato.

Manje chinthu choyamba chimene palibe anandiuza: ukalowa mkati suona kalikonse. Zoona. Chithunzi chokongola chija cha pa intaneti ndi cha dironi. Uli pansi umangoona tirigu wogona apa, woimirira apo, kanjira kokhota kakupita uko, anthu mitu yokha ikuoneka patali. Gaidi anatulutsa tabuleti n'kutionetsa chithunzi cha kumwamba kuti tidziwe pamene taima, chozungulira chachikulu pakati, mphete ziwiri kunja kwake, ndi tina ting'onoting'ono tondondozana ngati mchira. Apa ndi pamene ndinayamba kumvetsa kukula kwake, mwina mabwalo a mpira awiri.

Koma ukagwada n'kuyang'ana pafupi, ntchito ilipo, ndisaname. Tirigu sanangogwetsedwa chisawawa. Wagona mbali imodzi yonse, kuzungulira kumanja, ngala pamwamba pa ngala, ndipo pamene njira ziwiri zakumana wina wapita pansi wina pamwamba mosinthana. Pakati penipeni anasiya kamtolo koimirira kopotedwa. M'mphepete mwake mowongoka bwino, phesi ili lagona, loyandikana nalo laima chilili osakhudzidwa. Ine ndinakulira ku Katete, ndaonapo munda umene mwadutsa ng'ombe, ndaonapo umene wagwetsedwa ndi mphepo ya mvula, izi sizifanana ndi zimenezo olo pang'ono. Amene anachita izi ndi mmisiri, ndipo anazichita mumdima, poti mu Julayi kumeneko dzuwa limalowa itadutsa 21 ndipo ikamakwana 4 kwayamba kale kuyera. Maola ochepa amenewo, popanda tochi yowala kuopa kugwidwa. Ulemu wanga aulandire kulikonse ali.

Vuto la gaidi linayambira pomwepa. Iye mawu akuti mmisiri safuna kuwamva. Sananene poyera kuti ndi ma alien, ndi wochenjera, amangoti "mphamvu imene sitikuidziwa", "nzeru ina yake", kenaka amakusiya kuti umalize wekha. Anatulutsa timawaya tiwiri topindika n'kuyamba kuyenda, tikafika pakati timawaya tapingasana, mayi wa ku America uja mpaka misozi. Ine timawaya timeneto ndinationa kalekale kwa anthu ofufuza madzi tisanakumbe chitsime ku Kumawa, ndipo dzanja likapendekeka pang'ono chabe timatembenuka, ndinayesa ndekha, tinapingasana pakati pa chozungulira ndipo tinapingasananso pafupi ndi galimoto pamene panalibe kanthu. Ndinamuuza. Anaseka n'kunena kuti ndiye kuti mphamvuyo ndili nayo ndine.

Kenaka anatenga phesi limodzi n'kutionetsa mfundo yake yopindika, yotupa mbali imodzi, ati ichi thabwa silingachite, ndi kutentha kwa mtundu wina kumene kunafewetsa phesi. Apa ndiye ndinalephera kudziletsa. Aliyense amene analimapo chimanga amadziwa kuti chikagwa ndi mphepo chikadali chachiwisi, pakapita masiku angapo chimayamba kudzuka chokha, chimakhota pa mfundo kufuna kuloza kumwamba, mbali ya pansi ya mfundo imakula kuposa ya pamwamba. Tirigu ndi udzu ngati chimanga, amachita zomwezo. Ndipo iye mwini anatiuza kuti chozungulirachi chakhala masiku. Ndinafotokoza mwaulemu ndithu, alamu akunditsina kuti alamu zisiyeni, gaidi anangoti "zosangalatsa" n'kutembenukira kwa ena.

Mwana wa mlongo wanga ndiye anandimaliza. Anandikoka dzanja, amalume bwerani muone, pansi pa tirigu wogona m'mphepete mwa mphete yakunja munali kanjira kakang'ono ka phazi limodzi kopita mbali yosiyana ndi ina yonse, kobisika pansi, ndiye kuti munthu anayamba wayenda mmenemo kulemba malire atagwira chingwe, ena n'kubwera pambuyo kugoneka zotsala pamwamba pake. Ndi pa mapesi ena panali mizere yopyapyala yophwanyika, motalikirana mofanana, pamene thabwa limatsikira. Mwana wa sukulu anaziona mu mphindi zochepa, munthu amene wakhala akubweretsa alendo zaka zambiri akuti sanazionepo. Mwandi.

Chimene chinandikwiyitsa kwenikweni si chikhulupiriro chake, aliyense ali ndi zake, ife tomwe tili ndi zathu zambiri. Koma ndalipira kuti undiuze mbiri ya chinthu, ndiye undiuze yonse. Nkhani ya Doug Bower ndi Dave Chorley anaidumpha ndi chiganizo chimodzi, "madala awiri amene ankafuna kutchuka", basi. Pamene nkhani imeneyo ndi yokoma kuposa za mphamvu zosadziwikazo. Anali azibambo awiri a ku Southampton, anayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, akachoka kumowa usiku amalowa m'minda ya ku Hampshire ndi thabwa lomangirira chingwe, phazi pa thabwa, chingwe m'manja, kuponda n'kusuntha, kuponda n'kusuntha. Kuti mzere uwongoke anali ndi kapusi yokhala ndi kawaya kopinda kutsogolo kwa diso, kuyang'anira chinthu chapatali. Bower anakhalapo ku Australia ndipo maganizo anawatenga ku nkhani ya ku Tully, Queensland, ya mu 1966, pamene mlimi wina ananena kuti waona chombo chikunyamuka padambo n'kusiya bango litagona mozungulira. Mkazi wa Bower anafika poganiza kuti mwamuna wake ali ndi chibwenzi chifukwa makilomita a galimoto amangokwera, mpaka bamboyo anaulula kunyumba kaye. Mu Seputembala 1991 anaulula ku nyuzipepala ya Today, anapanga chimodzi atolankhani akuona, n'kuitana Pat Delgado, mmodzi wa akatswiri otchuka a nkhanizi, iye n'kunena kuti ichi munthu sangapange. Mu 1992 anapatsidwa mphoto yanthabwala ija ya Ig Nobel. Zonsezi gaidi amazidziwa, sizingatheke kuti asazidziwe, koma zimaononga malonda.

Ndipo nkhani sinathere pa madala awiriwo, achinyamata anatengera n'kupititsa patsogolo, magulu okhala ndi mapulani ojambula pa kompyuta, matepi oyezera, aliyense ndi mbali yake, ena mpaka amalembedwa ganyu ndi makampani kupanga zotsatsa malonda m'minda. Mu 1996 panatuluka china pafupi ndi Stonehenge chokhala ndi zozungulira 151. Mu Ogasiti 2001 pa Milk Hill panatuluka cha zozungulira 409, mikono isanu ndi umodzi yopota, chimene mpaka lero ndi chimene anthu amayamba kutchula. Gaidi akamanena manambala amenewa amafunsa kuti anthu angathe bwanji usiku umodzi. Ine ndimati funso labwino, tiuzeni mmene amachitira, ndi zimene ndabwerera.

Tikutuluka tinakumana ndi mwini munda atabwera pa kanjinga kamoto ka matayala anayi kudzatsegula kabokosi kake. Munthu wosachuluka mawu. Alamu anamufunsa ngati amasangalala nazo, anangogwedeza mutu, ati chozunguliracho chokha sichiononga kwambiri, oononga ndi alendo amene sayenda mu njira za thirakitala, wina akufuna chithunzi amangodula pakati, ena amagona momwemo usiku, ena amasiya mageti otsegula, ndipo tirigu wogona pansi makina okolola samutola bwino, mbewu zimathothokera pansi chaka chamawa zimamera zokha pamalo pomwepo. Walola anthu chifukwa akakana amalowabe. Kupanga chinthuchi m'munda wa mwini popanda chilolezo ndi mlandu woononga katundu, ndipo mu 2000 munthu wina analipitsidwa £100 kukhoti chifukwa cha zomwezi, n'chifukwa chake amisiri aja sadzitchula.

Ine apa mtima unandiwawa pang'ono, sindibisa. Ife tinaleredwa kuti olo njere ya chimanga yagwa pansi umatola. Tsono kuona anthu akuluakulu atavula nsapato, atagona chagada pa chakudya, maso otseka, wina akuliza kambale kachitsulo kuti amve mphamvu, mwini wake ataima pageti akuwerenga makobiri, sizinandikhalire bwino. Ndipo pa £85 ija kampani sipereka olo kangachepe kwa mlimi, ndinafunsa. Munda ndi wake, chionetsero chili pa mbewu zake, odya ndi ena. Nyenyezi imodzi inachoka pamenepo.

Ndinatumiza zithunzi pa gulu la banja la WhatsApp tili m'galimoto. Azakhali a ku Matero anayankha ndi voisi noti, ati mwana wanga tuluka msanga mmenemo, pamenepo patera lichero la afiti, usadye kalikonse ndipo ukabwera usalowe m'nyumba mwanga ndi nsapato zimenezo. Ndinamasulira gaidi. Anakondwa kwambiri, ati mwaona, ngakhale ku Africa amadziwa. Ndinangoti ee bambo.

Masana tinaima ku Honeystreet, kamudzi ka m'mbali mwa ngalande ya Kennet and Avon mmene mumayenda timaboti titalitali topyapyala. Kumeneko kuli malo oonetserako zithunzi ndi mbiri ya ma crop circle, komanso pabu ya Barge Inn imene kwa zaka zambiri ndi pokumanirana okhulupirira ndi opanga omwe, ati amamwera pamodzi osadziwana kapena kunamizira kusadziwana. Ukaima panja umaona hachi yoyera ya Alton Barnes pa phiri, anaisema mu 1812 pochotsa udzu kuti choko cha pansi chionekere, ili pa Milk Hill pomwe paja. Malo okongola zedi. Ife tinadya masangweji amene mlongo wanga anatimangira, tinakhala pa udzu m'mbali mwa madzi. Apa gaidi anatisiya nthawi yaitali kwambiri, anakumana ndi anzake, nkhani zinakoma.

Ndiye zotsatira zake n'zakuti zinthu zenizeni, zimene zinandichititsa kunena kuti ulendowu sunapite pachabe, tinazithamangira ngati tikuthawa mvula. Nyenyezi yachiwiri inachoka apa.

West Kennet Long Barrow. Mumaimika galimoto m'mbali mwa msewu wa A4, n'kukwera kachitunda wapansi mwina kota ya ola. Pamwamba pali mtumbira wautali pafupifupi mamita 100, kutsogolo kwake miyala ikuluikulu yoimirira, ndipo kuseri kwa miyalayo kuli khomo, umalowa mkati. Manda omangidwa cha m'ma 3650 BC, ndiye kuti ndi akale kuposa mapiramidi a ku Giza ndi zaka pafupifupi 1,000. Muli tizipinda tisanu, tiwiri uku tiwiri uku kamodzi kumapeto, ndipo ofukula anapezamo mafupa a anthu opitirira 30, ana ndi akulu. Mkati mozizira, fungo la dothi lonyowa, mwala wa denga uli pamwamba pa mutu wako penipeni. Wina anasiya maluwa ouma ndi kandulo pakona. Alamu anakana kulowa, ati kwathu kumanda sitilowa popanda mwambo, anatidikira panja manja m'thumba. Ine ndinalowa koma chipewa ndinavula. Ndikanakonda kukhala nthawi, gaidi anali akuomba kale m'manja kuti tiyeni tiyeni.

Ukamatsika umayang'anizana ndi Silbury Hill. Ukangoona umaganiza kuti ndi phiri wamba, kenaka umazindikira kuti lawongoka mopitirira, pamwamba pake paphwatalala. Ndi chulu chounjikidwa ndi manja a anthu cha m'ma 2400 BC, kutalika mamita opitirira 30, chachikulu kuposa china chilichonse cha nthawi imeneyo ku Ulaya konse. Anthu okumba choko ndi nyanga za nyama, kusenza m'madengu, mibadwo ingapo. Akatswiri achiboola kangapo kufuna chuma kapena manda a mfumu, mu 1776 anakumba kuchokera pamwamba, mu 1849 kuchokera m'mbali, mu 1968 anabweranso ndi makamera a BBC, sanapezemo manda. Maenje awo omwewo ndi amene anachititsa kuti mu 2000 pamwamba pagumuke, mpaka anachita kudzazamo choko china kuti chisagwe. Kukwera ndi koletsedwa. Apa gaidi analankhula bwino kwambiri, mwina chifukwa apa chinsinsi chilipodi ndipo safunika kuwonjezera mchere. Tinaima mphindi zochepa chabe, kujambula, kukwera.

Avebury tinafika dzuwa litapendeka, nthawi yotsala inali yosakwana ola. Anthu inu. Aliyense amadziwa Stonehenge, koma uko umalipira ndipo miyala umaionera patali kuseri kwa chingwe. Avebury ndi bwalo la miyala lalikulu kuposa lina lililonse padziko, mamita opitirira 300 kuchoka mbali ina kufika ina, lalikulu moti mudzi uli mkati mwake, misewu ikudutsa pakati, pabu ya Red Lion ili mkati momwemo, nkhosa zikudya msipu pakati pa miyala, ndipo kulowa ndi ulere, umaigwira ndi manja. Linamangidwa pakati pa 2850 ndi 2200 BC. Poyamba bwalo lakunja linali ndi miyala pafupifupi 100, ina yolemera matani opitirira 40, yosasemedwa, anaikoka kuchokera ku zitunda za pafupi. Kuzungulira konse kuli chidzenje ndi chikhoma cha dothi, dzenjelo pokumbidwa linali lakuya mpaka mamita 9. UNESCO inaika malowa pa mndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa padziko mu 1986 pamodzi ndi Stonehenge.

Miyala yambiri kulibe tsopano, ndipo mbiri ya kusowa kwake ndi imene ndinkafuna kumva bwino. M'zaka za m'ma 1300 anthu a m'mudzimo ankaigwetsa n'kuikwirira. Pambuyo pake, m'ma 1600 ndi 1700, ankaisonkhera moto n'kuthira madzi ozizira kuti isweke, zidutswa n'kumangira nyumba, wofufuza zakale wina, William Stukeley, anazilemba ndi kuzijambula akuona ndi maso. M'ma 1930 kunabwera Alexander Keiller, wolemera ndi ndalama za jamu wa malalanje wa banja lake ku Dundee, anagula malowo n'kufukula miyala yokwiriridwa, kuiimikanso, ndipo pamene mwala unasoweratu anaikapo kachipilala ka konkire. Mu 1938 pansi pa mwala wina anapeza mafupa a mwamuna ali ndi sizasi ndi makobiri a m'ma 1300 oyambirira, amamutcha wometa, ndipo mwalawo uli pomwepo mpaka lero. Pali myuziyamu ya dzina la Keiller pafupi, ife tinafika akutseka. Zambiri mwa izi ndinachita kuwerenga pa zikwangwani ndikuthamanga ndi kufunsa mwana wa mlongo wanga amene anabwerapo ndi sukulu, gaidi anali kalikiliki kuonetsa mayi wa mikanda uja mwala umene ati umatulutsa mphamvu yachikazi.

Ndinaima pa chikhoma chija n'kuganiza za Kalemba ku Chadiza ndi Thandwe kufupi ndi Chipata, mapanga athu okhala ndi zojambula zakale pamiyala, zina zofiira zozungulirazungulira zomwezi, ndi Chongoni kutsidya ku Dedza amene ali pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 2006. Ndakwera basi pa Intercity kupita ku Kumawa kosawerengeka, sindinamvepo kondakitala kapena wina aliyense akuitanira ulendo wa kumeneko. Basi, ndangodutsamo.

Tsono kodi ndikulimbikitsa? Zitengera munthu. Ngati mumakonda za mphamvu zobisika ndipo mukufuna tsiku lokhala ndi anzanu oganiza chimodzimodzi, gaidi ameneyu mudzamukonda, ndi wodekha, sakalipa, amayendetsa bwino mu timisewu topapatiza tija, anathandiza mayi wina wa bondo lovuta kudutsa pa mpanda mosamala kwambiri, ndipo chozungulira chatsopano kuchipeza wekha n'kovuta chifukwa zimatuluka lero mawa zadulidwa, iye ali ndi anthu omuimbira foni m'mamawa. Chimene mukugula kwenikweni ndi mafoni amenewo ndi galimoto. Koma ngati muli ngati ine, munthu wofuna kudziwa kuti anachita bwanji, ndani, liti, mudzakhala mukukukuta mano theka la tsiku.

Musanalipire funsani, safunsa anadya phula. Funsani ngati pali chozungulira chimene mwini munda walola sabata imeneyo, ndipo ngati palibe amabweza zingati, ife tinapeza pa pepala lawo timalemba ting'onoting'ono takuti sabweza kanthu. Funsani kuti ku Avebury mukhala nthawi yaitali bwanji, akanena zosakwana maola awiri kambiranani. Funsani za chimbudzi, pakati pa Swindon ndi Honeystreet sitinaime paliponse ndipo tchire la kumeneko ndi lalifupi, lili ndi khwisa wake woyabwa koopsa. Tengani makobiri kapena ka £5 ka pepala ka kabokosi kaja chifukwa khadi sigwira ntchito pa mtengo. Nsapato zotseka, jekete ya mvula olo kuwale bwanji m'mawa, ndi chakudya chanu.

Ndikadzapitanso sindidzabukitsa aliyense. Sitima yochokera ku London Paddington imafika ku Swindon mu ola limodzi pafupifupi, ndipo basi nambala 49 yopita ku Devizes imadutsa pakati pa miyala ya Avebury penipeni, umatsikira pa Red Lion. Kuchokera pamenepo Silbury Hill ndi West Kennet ndi ulendo wapansi kudutsa m'madambo, munthu wozolowera kuyenda kuchoka ku Kabwata kufika mu tauni sangadandaule. Chozungulira chikakhalapo pafupi mudzamva kwa anthu pa pabu, mukaponye £5 ya mlimi, muyende mu njira za thirakitala. Alamu akuti ulendo winawo adzalowa m'manda aja, bola ndikawabweretsere kaufa ka kwathu koti akathire pakhomo.